Ndinagona Kunja kwa Mpanda

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Lusaka, ndipo kwathu ku Chipangali amangofika pakagwa zovuta. Mwana wake wamwamuna ndinamuona komaliza akali kumbuyo, tsiku limene tinaika bambo wa ana anga m'manda. Tsono pa tchuthi china, titangomaliza kukumba mtedza, anandiimbira foni kuti akubwera ku Chipata ndi banja lake lonse, ndipo ndikakomane nawo kumeneko kuti mdzukulu wanga andidziwe. Ndinakazinga mtedza wosankha, ndinasinja chiponde mpaka mapewa kuwawa, ndi kuchiika m'botolo.

Malo amene anafikirako anali famu kale, kupitirira Madzimoyo, koma mwini wake anaisandutsa bwalo la masewera a ana. Munali maiwe osambiramo, akatungwe achitsulo, ndi timahatchi tamatabwa tozungulira ndi nyimbo. Mkati mwa mpanda womwewo anamangamo tinyumba ta alendo. Ogona mkatimo ankawamanga kachingwe kobiriwira padzanja, pamene ongobwera masana ankawamanga kachikasu, ndipo dzuwa likamalowa mlonda ankaimba wezulo kuti achikasu onse atuluke. Mlonda yemweyo anapisa m'chikwama changa, nati chakudya chakunja sichilowa. Botolo lija linatsala m'kanyumba kake mpaka madzulo.

Mwana wanga anandilowetsa m'nyumba yawo ali mwetumwetu. "Amayi, chipinda chanu ndi ichi."

"Nanga bambo a mwanayu agona kuti?"

"Umu," anatero, akuloza chipinda choyandikana nacho.

Ndinagogoda khoma la pakatipo. Linali thabwa chabe, losafika ndi kudenga komwe, ndipo bafa linali limodzi. Ine ndinaleredwa ku mishoni, kumene anatisiyitsa zambiri za makolo, koma ichi chokha ngakhale masisitere sanachikhudze: mpongozi sagona pomva kutsokomola kwa mkamwini wake. Chikwatiwire mwana wanga, sindinadyepo mbale imodzi ndi mwamuna wakeyo, ndipo tinkalemekezana bwino lomwe.

Mkamwiniyo ndi munthu wofatsa. Anaima pakhomo, nkhope atayang'ana kumbali, nati, "Amayi, zimenezo zinatha kale. Kapena ine ndizikagona m'galimoto." Ndinamuthokoza, koma kutulutsa mwamuna pabedi pake kukanakhala manyazi oposa oyamba aja. Choncho anandipezera chipinda m'nyumba ina ya alendo ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndipo anandimanga kachingwe kachikasu.

Mdzukuluyo anabwera akudontha madzi, wamtali kufika m'chiuno mwanga, mphumi ngati ya malemu agogo ake. Ndinamulonjera monga agogo onse kwathu alonjerera adzukulu awo aamuna. "Bwera kuno, mwamuna wanga! Unandithawiranji nthawi yonseyi? Wapeza mkazi wina ku Lusaka eti?"

Mwanayo anabisala kumbuyo kwa mayi ake, nawanong'oneza m'Chingerezi. Chingerezi ndimachimva, ankafunsa ngati amusiya kwa ine. Mayi ake anaseka mpaka misozi. "Iwe, ndi nthabwala chabe! Amayi, mwandiopsezera mwana." Nanenso ndinaseka, koma kuyambira pamenepo iye ankandizungulira patali monga nkhuku izungulira mphasa yoyanikapo ufa pamene mwini ali pompo.

Ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma masana a pamalo otero si a agogo. Ana amathamanga kuchoka padziwe kupita pakatungwe, ndipo ine ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, kulondera nsapato ndi matawulo. Akamatopa, maso atafiira, akuyamba kufuna miyendo ya munthu yotsamirapo, m'pamene wezulo ankalira. Ndinkatuluka pamodzi ndi mabanja achilendo, n'kukadikira minibasi kumsewu.

Chipinda cha ku Kapata chinali chaukhondo, sindinganame. Munali bedi, mpando umodzi ndi kalilole wong'aluka pakona. Oyandikana nane anali amalonda a salaula, zovala za kaunjika zija, amene ankacheza pakhonde za mitengo ya mabelo, ndipo ankandipatsa moni waulemu n'kupitiriza zawo. Mgonero ndinkadya ndekha, botolo la chiponde lili pawindo. M'bandakucha ndinkadzuka ndi kuitana kwa kumzikiti, n'kupemphera pemphero langa, kenaka n'kukhala chovala kudikira kuti kuyere. Kumudzi ndimakhalanso ndekha, koma kumeneko mbuzi zimandidziwa.

Tsiku lomaliza la masewera, mwana wanga anakhala nane pansi pa mango paja. "Amayi, dzulo anafunsa za inu mpaka tulo. Akuti n'chifukwa chiyani agogo amawathamangitsa ndi wezulo. Gonani kuno lero lokha. Adzaona ndani?"

"Ndidzaona ine," ndinayankha.

"Ha, inu ndi mwambo wanu! Mudzafa nawo."

"Ndiye udzandiike nawo."

Tinaseka tonse, koma iye anapukuta m'maso ndi tawulo la mwana. Tinapangana kuti m'mawa ndifike msanga, tidzatsanzikane pachipata, ndi kumupatsa mwanayo chiponde chake m'manja.

Usiku umenewo magetsi anazima ku Kapata, ndipo foni yanga inathera moto. Kutacha ndinali woyamba kukwera minibasi, koma minibasi sinyamuka isanadzaze. Kondakitala ankangoti, "Tipita manje manje, agogo," injini ikulira, galimoto osasuntha. Ndinakhala pamenepo botolo lili pamiyendo, ndikuona mthunzi wa sitolo ukufupika.

Nditafika, mlonda uja anandizindikira ndisanalankhule. "Amama, apita. Anadikira ndithu, anaimba foni kangapo, koma bambo aja amati Lusaka ndi kutali, safuna kuyenda ndi mdima." Ndinangoti zikomo. Ndikutembenuka, anandiitananso. "Koma kamnyamata kaja kanativuta. Kanagwira zitsulo za geti izi, kukana kukwera galimoto. Kamangofunsa aliyense wotsika basi, ndi Chinyanja chake chopindikacho, kuti, 'Mkazi wanga ali kuti?' Ife kuseka! Amayi ake akuti kanaphunzira mawuwo dzulo, kuti kadzakuuzeni."

Ndinamupempha kuti abwerezenso mawuwo, ndipo anabwereza, akutsanzira mawu a mwana. Ndinakhala pansi pa kamlatho ka ngalande pambali pa chipata. Mkati timahatchi tinali titayamba kale kuzungulira ndi ana a eni.

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinafika dzuwa litakwera. Masiku ano tikamalankhula pafoni mwanayo amachita manyazi. Amangoti "Muli bwanji, agogo," n'kubweza foni kwa mayi ake. Mawu aja sindinawamvepo m'kamwa mwake, ndinangowamva m'kamwa mwa mlonda. Chiponde ndinabwerera nacho ku Chipangali. Ndinachisunga mpaka mafuta anayandama pamwamba, kenaka ndinayamba kuthira m'phala langa la m'mawa, pang'onopang'ono, kuti chisathe msanga.