Kanyumba ka Kuseri kwa Nkhokwe

"Kodi inu akamwini, munabwera kudzakwatira pano kapena kudzatimangira kachisi?"

Anakuwa chotero ndi amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba, atandipeza nditanjuta kuseri kwa nkhokwe, ndowa ili m'manja. Patsogolo panga panali kanyumba kolekeza m'mawondo. Tinjerwa take ndinaumba ndi dothi la pachulu, chikombole chake bokosi la machesi. Mitengo ya denga inali masipoko a njinga, malata ndinadula ku chitini cha mafuta. Pansi ndinakakweza ndi zibenthu za miyala zotola mumsewu.

Chaka chimenecho madzi ochokera kumapiri anali atagwetsanso nyumba yathu. Kuno ku Golomoti madzi sagogoda, amangolowa. Ndinkafuna kuona ndi maso anga kuti maziko akwere motani, khonde lituluke mpaka pati kuti mvula isamanyambite khoma. Ndiye ndinkathira madzi, kuona pamene dothi layamba kusungunuka, kugumula, kuumbanso. Tinyumba tina tonse tinagwa. Aka kokha kanaima.

Koma kwa munthu wodutsa, mwamuna wothira madzi pa kanyumba kakang'ono pansi pa mtengo ndiye kuti akuthira nsembe basi. Mbiri inakafika mpaka kutchalitchi ku Mua, kumene apongozi anga aakazi amaimba kwaya.

Ndinayesa kufotokoza. Amalumewo anati nyumba za pamudzi pano zimamangidwa monga anamangira makolo, pamalo pamene iwo aloza, ndipo Fomu Folo yanga isawaphunzitse dothi lawo lomwe. Ine ndine wa mtima wapachala. Ndinawauza kuti kamangidwe ka makolo awoko ndi kamene kamatigonetsa m'kalasi ya pulayimale dzinja lililonse, mothithikana ngati mbuzi.

Anatsitsa mawu. "Mkamwini salamula dothi. Njira ya kwanu mukuidziwa."

Ndinkaidziwadi. Koma ana ndi a kuno, munda wa mpunga ku Bwanje ndi wa mkazi wanga, ndipo kwathu malo anagawana kalekale osandiwerengera. Ndinayang'ana mkazi wanga kuti mwina anenapo kanthu. Anangoweramira lichero, napitiriza kusankha mpunga.

M'mawa mwake ndinakaponda ndekha kanyumba kaja, anthu akuona. Kanalimba, moti ndinachita kubwereza ndi chidendene. Kenaka ndinatenga khasu ndi kuyamba kukumba maziko pamalo pamene amalume analoza, m'munsi momwe muja modutsa madzi, pambali pa bwinja la nyumba yakugwa ija.