Munga wa Nsomba ndi Zala Zanga Ziwiri

Chinayamba ndi kugunda kwa chala chachikulu cha dzanja langa lamanja, ngati m'katimo mwalowa kamtima kena. Linali Lachiwiri madzulo, mu Epulo 2022. Ine ndimasamalira okalamba ku Rockingham, tauni yoyandikana ndi Perth, ndipo masiku amenewo Loweruka lililonse ndinkaluka tsitsi la amayi akwathu okhala kuno ku Perth. Dzanja limeneli ndilo linali khasu langa. Ndilinso ndi matenda a shuga, ndipo a m'nyumba mwanga onse ankadziwa zimenezo.

Tinali paulendo, ndipo anaukonza ndi amuna anga, bambo a Tadala. Chiyambire Covid tinali tisanapondeko kumudzi, ndiye anati tibwereke galimoto yogonamo, ija timati kampavani, tikaone gombe la kumpoto. Anaitananso mchemwali wawo, alamu anga a Grace, amene ndi namwino. Mwana wathu Tadala tinamusiya kwa mnzanga wa kutchalitchi. Sindinama, masiku oyamba tinanjoya. Paliponse pamene taona chikwangwani cha chakudya tinkaima. Pena tinadya nkhanu zikuluzikulu zowotcha, pena nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala, nyanja ili poteropo.

Pafupi ndi Geraldton tinapeza bambo wina akugulitsa nsomba pangolo m'mbali mwa msewu. Mitu ankaitaya m'ndowa. Mtima unandiwawa, paja kwathu nsomba ndi mutu. Ndinaipempha, ndipo anandipatsa akuseka. Ndikuitsuka m'madzi a m'nyanja, munga unandibaya pachala. Kabala kake kanali ngati ka singano. Ndinathirapo mchere n'kupitiriza kuphika, ndipo msuzi wake onse awiri ananyambita mbale.

Lachitatu m'mawa ndinadzuka ndikunjenjemera, thupi lili moto. A Grace atangomva zimenezi anavala masiki n'kutuluka panja. Kachida koyezera Covid anachita kundiponyera pabedi. Kanaonetsa kuti ndilibe. Iwo anati tizida timeneti timanama, amaona zimenezo tsiku ndi tsiku kuntchito. Ndinawauza za chala. Ataima pakhomo, anayankha kuti Covid imaphwanya thupi lonse, mpaka zala. Namwino ameneyu akanangoyandikira n'kuyang'ana kamodzi kokha, akanadziwa. Sanayandikire.

Anandigoneka pabedi la kumbuyo n'kutseka katani. Chakudya ankaika pansi n'kukankha mbale ndi phazi. Panado ankandipatsa wambiri, kuti thupi lizizire, a pamalo ogona asatikayikire. Madzulo ndinapempha amuna anga kuti tibwerere kuchipatala cha m'tauni imene tinali titangodutsa. Anayankhira kuseri kwa katani.

"Mukufuna atitsekere tonse sabata yathunthu chifukwa cha chimfine? Pirirani, mayi a Tadala, musawononge ulendo wa anthu."

Ine ndinaleredwa kuti mkazi sakangana ndi mwamuna pamaso pa achibale ake. Galimoto inapitirira kulowera ku Kalbarri.

Lachinayi lonse ndinkamva ulendo ndi makutu okha. Galimoto inkaima, zitseko n'kutsekuka, kenako fungo la mafuta okazingira n'kulowa. Ndinkawamva akutsutsana kuti nsomba yokoma ndi ya apa kapena ya dzulo. Foni yanga inkalira, ndikaona ndi zithunzi zawo pagulu la kutchalitchi, pakamwa pali noninoni, pansi atalemba kuti mayi akupumula. Anthu ankayankha kuti Mulungu ndi wabwino. Ndinalira, osati chifukwa cha dzanja lokha. Awiri aja ndinadana nawo tsiku limenelo, ndipo sindibisa.

Lachisanu dzanja linali litatupa mpaka pamfundo. Pachala panatuluka matuza akuda, ndipo mzere wofiira unkakwera kulowera kuchigongono. Iwo anapita kukajambula matanthwe a m'mbali mwa nyanja. Ndinatsika ndekha, ndikugwira m'mbali mwa galimoto, kuti ndikapemphe madzi oundana kwa mayi wina wachizungu amene ankagulitsa nsomba zokazinga pafupi. Mayiyo anayang'ana dzanja, anazimitsa moto, anandikhazika pampando wake n'kuimbira ambulansi. Anagwira mkono wanga ndi manja ake osavala kanthu. Chiyambire Lachitatu, ameneyu anali munthu woyamba kundikhudza.

Pachipatala chaching'ono cha kumeneko anandiika diripi ndi mankhwala opha tizilombo. Namwino anajambula ndi cholembera malire a kufiirako. Atabweranso, kunali kutadumpha mzere wake. Tsiku lomwelo ananditengera ku Perth pandege. Covid anandiyezanso, sanaipeze. Dokotala anandifotokozera kuti kali kachilombo kokhala m'madzi ofunda a m'nyanja ndi pansomba, ndipo kakalowa pabala la munthu wa shuga kamathamanga kwambiri.

"Mukanabwera Lachitatu, mwina mankhwala okha akanakwana," anatero. "Lero tiyesetsa kupulumutsa mkono, koma chala chachikulu ndi cholozera sitingathe."

Ndinasayina ndi dzanja lamanzere. Kuchipinda cha opaleshoni ndinapitako kangapo, chifukwa nthawi iliyonse ankapeza mnofu wina wakufa. Pomaliza anachotsa khungu pantchafu n'kuphimbira balalo. Moyo wa m'wodi unali umodzimodzi. M'mamawa ankatenga magazi ndi kuyeza shuga, kenako madokotala ankadutsa, kenako ndinkadikira ola losintha mabandeji, limene ndinkaliopa kuposa opaleshoni. Anamwino ankandiuza kuti ndiyang'ane kukhoma. Alendo ankaloledwa ochepa chifukwa cha mliri, choncho nthawi zambiri ndinkangoyang'ana madontho a diripi.

Amuna anga anafika Lachiwiri la sabata yotsatira. Anati galimoto ija siithamanga, komanso malo ogona a pobwerera anali atasungitsa kale, ndiye anangoti amalize. Khungu lawo linali litada ndi dzuwa la kugombe. Anandibweretsera mphatso yokulunga m'pepala, ndipo nditatsekula ndinapeza nsomba yowamba imene anagula panjira. Anati ndi yokoma kuposa zonse zija. Namwino anaichotsa ndisanalankhule kanthu. A Grace sanabwere. Anatumiza uthenga wakuti akundipempherera, koma ndikanalankhula momveka bwino za chalacho. Kutchalitchi nkhani inafika yakuti ndinabisa matenda.

Ndinatuluka m'chipatala mu Meyi. Kwa miyezi ingapo ndinkapita kukaphunzira kugwira sipuni, kumanga mabatani ndi kulemba ndi lamanzere. Kuntchito ndinabwerera, koma kunyamula okalamba ndinasiya. Ndimawadyetsa ndi kukhala nawo. Pano balalo linapola, shuga wanga ali bwino, ngakhale kukazizira zala zimene kulibezo zimawawa. Ndimakhala ndi Tadala awiriwiri. Za banja sindinena zambiri, akuluakulu anayesa kutiyanjanitsa ndipo ndinawaonetsa dzanja.

Sukulu itatsala pang'ono kutsekulira, Tadala anabwera ndi chipeso ndi mafuta, n'kukhala pansi pakati pa miyendo yanga monga ankachitira chiyambire ali wamng'ono. Anali ataiwala. Ndinagawa tsitsi, ndinayesa kuligwira, linapulumuka. Ndinayesanso, linapulumukanso. Mwanayo anangokhala osatembenuka, kenako anandiuza m'Chingerezi kuti palibe kanthu, amakonda lomasula. Ine amene ndinaluka mitu ya akwatibwi a mu Perth muno, mutu wa mwana wanga ndimapita nawo kwa mayi wina wa ku Chipata, n'kukhala pampando kumaonerera.

Anzanga, makamaka inu a shuga, bala la nsomba, nkhanu kapena chigoba cha m'nyanja musalipeputse ngakhale likhale ngati la singano. Likayamba kugunda, kutupa kapena kutenthetsa thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Wina akakuuzani dzina la matenda anu ali pakhomo, ngakhale akhale namwino, musamvere. Foni ndinali nayo pabedi paja masiku onsewo, ndipo nambala ya ambulansi ndinkaidziwa. Ndinkadikira chilolezo kwa munthu amene zala zake zonse zilipo mpaka lero.