Mphini za pa Dzanja Langa Lamanja

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, mpunga utayamba kucha ku sikimu ya Likangala. Nyengo imeneyo ntchito ya ife ana inali kuinga mbalame. Tinkalawira mame asanakamuke n'kukaima pa mizere ya pakati pa mapuloti, aliyense ndi chitini chake cha miyala chogwedeza. Ine chitini chinkanditopetsa. Ndinkaumba timipira ta dothi lonyowa la m'ngalande n'kumagenda pomwe mpheta zatera, ndipo kuphonya kunali kwa apo ndi apo. Anzanga ankaloza chitsa chakutali n'kumati, "Tagenda apo tione," ine n'kugenda. Sindinkadziwa kuti Mulungu anaika kanthu m'dzanja limeneli. Ndinkangoti ndi masewera othamangitsira tulo.

Amene anaona anali a Madamu Namakhwa, aphunzitsi athu a masamu, omwenso ankayang'anira mpira wamanja pasukulu. Puloti yawo inali yoyandikana ndi yathu. Loweruka lina anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Iwe Felesiya, taponya dothi lakolo mu ndowa iyo. Koma usagende ngati ukupha njoka, lidzere m'mwamba."

Ndinaponya, linagwera m'kati. Anati ndibwereze, linagweranso m'kati.

"Lolemba ukaweruka usathawe. Ukathawa ndikutsata mpaka pakhomo pa mayi ako."

Bwalo lathu linali la mchenga, mizere yake ya phulusa. Golo inali limu ya njinga yokhomera pa mtengo wa bulugama, ndipo mpira unali umodzi wokha, wa zigamba mbali zonse. Ndinkayesa kuti ndikangofika andiika kutsogolo kuti ndizigoletsa. Ayi ndithu. Anandiuza kuti, "Dzanja uli nalo, koma mapazi ulibe." Pa mpira wamanja, ukawakha mpira n'kutera, phazi limene latera loyamba siliyenera kukwekwereza, apo ayi oyimbira akulanda mpira. Ndiye a Madamu ankawaza phulusa pansi, n'kundiponyera mpira m'mwamba kuti nditere pomwepo. Kenako ankawerama n'kuyang'ana. Phazi likadinda bwinobwino ankangoti, "Ehe." Phulusa likafufutika, mayo ine!

"Kodi amenewa ndi mapazi kapena tsache? Ukudumpha ngati chule wa m'ngalande! Bwereza."

Ndinalira kangapo pabwalo lija. Nditayamba kutera bwino, anandiikira kutsogolo Asiyatu, mtsikana wamtali kuposa tonse, kuti azindigwedezera manja kumaso ndi kundiseka pamene ndikuloza golo. Asiyatu pakamwa ankatha. "Ponya, Namphetawe, mpunga watha uku!" Ine kupsa mtima, mpira n'kupita kutchire. A Madamu ankati mtima ukathamanga dzanja limathamanganso, choncho ndizipuma kaye, ndione limu, kenako ndiponye. Tikamaliza ankatulutsa chinangwa chophika m'kambale kawo n'kutigawira. Mbalame nazo anaziganizira. Anapita okha kukapepesa kwa amayi, n'kumanga zingwe zokhala ndi mapepala apulasitiki pa puloti yathu yonse kuti masana ndizimasuka. Munthu ameneyo, kulikonse kumene ali, Ambuye amukumbukire.

Tinayamba kupambana sukulu zoyandikana nazo, mpaka tinafika ndime yomaliza ya m'zoni, yomwe inali yokachitikira ku Songani. A Madamu anatiuza kuti kudzabwera anthu ochokera ku Zomba m'tauni kudzasankha atsikana a timu ya boma lonse, ndipo mwa iwowo padzakhala aphunzitsi a sekondale ina yogonera konko, yomwe inkatenga osewera bwino n'kuwaphunzitsa ulere. Kwathu zimenezi sizinali zamasewera. Bambo ankakhala miyezi ku zimbowera, timisasa ta asodzi ta pakati pa nyanja ya Chilwa, ndipo matemba ankabwera ochepa. Amayi anali atandiuza kale poyera kuti sekondale sangaikwanitse. Khomo langa lolowera ku sekondale linali limu ya njinga ija basi.

Tsopano apa m'pamene mtima wanga umayamba kutentha, ngakhale lero lino.

Ndinali ndi a malume, a Dayitoni, achimwene awo a amayi, eni mbumba yathu. Nthawi yonse imene ndinkatera pa phulusa, iwo sanapondeko pabwalo. Anafika pouza amayi kuti mwana wamkazi wodumphadumpha pamaso pa anthu ndi wochititsa manyazi. Koma dzina langa litayamba kumveka pamsika, anasanduka eni ake a mpira. "Mwana wa mlongo wanga ameneyo, magazi athu!" Kenako anamva kwa anzawo a pa bawo kuti sukulu imene tidzakumane nayo yakhwimira masewerawo, akuti akwirira zinthu pansi pa golo.

Kutatsala masiku ochepa, a Madamu anatipatsa mpumulo kuti matupi apole. A malume anatulukira m'mawa ndi njinga, n'kuuza amayi kuti akukandigulira nsapato. Ankadziwa kuti amayi, munthu wa kwaya ndi mapemphero, sangalole chimene iwo anakonza. Ine ndinakwera pa kaliyala mtima uli m'mwamba, poti nsapato za mpira ndinali ndisanavalepo. Koma njinga siinalowere kumsika. Inatsetserekera kumunsi, kumabango, mpaka pa kanyumba ka bambo wina amene sindinkamudziwa.

Fungo la m'nyumba muja ndimalimvabe, la mafuta a nsatsi ndi utsi. Bamboyo anatulutsa lezala m'kachitini, losapukuta n'komwe. A malume anandipana mkono pa bondo lawo.

"Malume, ndi dzanja loponyera limeneli!"

"N'chifukwa chake. Khala phee, tikulimbitse. Ukuganiza kuti anzakowo akudalira phulusa?"

Ananditema mphini pa mfundo ya dzanja ndi pakati pa zala, n'kutikitamo zinthu zakuda, kenako n'kukulunga ndi kansanza. Anandilamula kuti ndisasambe dzanjalo, ndisamasule, ndiponso ndisauze munthu aliyense, ngakhale amayi. Akuti ndikaulula, dzanja lifota ngati tsamba la fodya. Tangoganizani, kumuuza zimenezo mwana amene moyo wake wonse uli pa dzanja lomwelo! Nsapato sanagule. Anauza amayi kuti saizi yanga inatha. Ine ndinkabisa dzanja m'chitenje, amayi n'kumati mwana akusunga dzanja lake la mpira, mpaka kundiletsa kutsuka mbale.

Pofika tsiku la masewera, dzanja linkagunda ngati muli mtima wina m'kati. Mu lole anzanga ankaimba, ine ndikutuluka thukuta lozizira. Titatsika ku Songani, anthu anali atadzaza kale. Bwalo lake linali la simenti, golo yachitsulo yokhala ndi ukonde. Alendo a ku Zomba anakhala pa mipando pansi pa mtengo. A malume analipo, atavala jekete, akuuza aliyense kuti lero aona zodabwitsa.

A Madamu anati titenthetse thupi, n'kundiponyera mpira monga mwa masiku onse. Utangogunda dzanja ndinakuwa, n'kukhala pansi. Anathamanga, n'kugwada, n'kuyamba kumasula kansanza kaja. Ndinawachonderera kuti asamasule, dzanja lifota. Sanandimvere. Zala zinali zitatupa ngati nthochi, mphini zikutuluka mafinya, ndipo Asiyatu anatseka mphuno n'kuyamba kulira.

Kukalipa kwa a Madamu ndinkakudziwa, koma tsiku limenelo mawu awo anatsika.

"Wachita zimenezi ndani?"

A malume anayandikira. "Ndine, mwini mbumba. Ndamulimbitsa mwanayu. Kutupako ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito."

"Mwamulimbitsa? Bambo, mwanayu wakhala akugoletsa chaka chonse. Munamutemera ndinu? Pamene ankapsa mapazi pa mchenga, munali kuti? Dzanja limeneli Mulungu analenga lathunthu, mwanayu walikonza ndi thukuta lake, inu mwabwera ndi lezala la dzimbiri!"

"Inu ndinu obwera, za kuno simuzidziwa. Mumangeni alowe. Mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

Nanenso ndinawagwira mwendo a Madamu. "Chonde ndilowe, ndipirira. Akandiona pang'ono pokha."

Anandiyang'ana, anayang'ana alendo aja, anayang'ananso dzanja. Ankadziwa bwino lomwe kuti popanda ine timu igonja, ndipo ntchito yawo ya chaka chonse ithera pomwepo. Koma anati, "Chikho sindingachigule ndi dzanja la mwana." Anasiyira timu aphunzitsi anzawo, n'kuitana wakabaza, ine pakati iwo kumbuyo, ulendo wa kuchipatala. Wezulo woyamba ndinamumvera kumsewu. Njira yonse ndinalira, ndipo kunena zoona, amene ndinawakwiyira nthawi imeneyo sanali a malume ayi, anali a Madamu. Ndinkaona ngati andilanda sekondale yanga ndi manja awo. Iwo anangondigwira mkono wotupawo m'mwamba kuti usagundike.

Adokotala atatsuka mabalawo ananena kuti tikanachedwa, nkhani ikanakhala yodula zala. Zala zinapulumuka, koma ziwiri zinauma, mpaka pano sizipindika bwino. Timu yathu inagonja. Alendo anasankha atsikana awo n'kubwerera ku Zomba, dzina langa osalimva n'komwe.

Amayi atamva, anakhala pansi pakhonde ngati munthu wamva uthenga wa maliro. Mwa mwambo wathu sakanatha kuwakalipira achimwene awo. Anangowafunsa kuti, "Achimwene, nsapato zija ndi zimenezi?" A malume sanapepese. Anayenda mudzi wonse akunena kuti mankhwala anali abwino, anasukuluka chifukwa mphunzitsi anamasula nsanza nthawi isanakwane. Ndipo anthu ena anawakhulupirira! Panali makolo amene anawada a Madamu, ati anagonjetsa sukulu dala. Munthu amene anapulumutsa dzanja langa ndiye ankalozedwa chala pa chigayo, wolitema akumwa tiyi pa sitolo. A malume anamwalira akunenabe zomwezo.

Mabala atapola, a Madamu anandiitananso pabwalo, n'kuyamba kundiphunzitsa kuponya ndi lamanzere, kuyambira pafupi penipeni ngati mwana wa Sitandade 1. Ankati, "Mapazi ukadali nawo, ndipo mapaziwo tinavutikira." Ndinayamba kugoletsako, ngakhale sizinafike pakale. Chaka chotsatira anawasamutsira kutali, mpira pasukulu n'kuzilala. Ndinalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo.

Sindikudandaula za moyo wanga. Mulungu wandipatsa banja labwino, puloti ya mpunga, ndi ana athanzi. Ndimayamika tsiku lililonse. Koma ndikamapemphera n'kufika pa mawu okhululukira otilakwira, a malume ndimachita kuwakhululukira mwatsopano nthawi iliyonse. Chimandipweteka si zala zokha ayi. N'chakuti munthu wamkulu anayang'ana mwana amene wavutikira luso lake, n'kumuuza kuti luso lakelo ndi losakwanira popanda zakuda za m'kachitini.

Mwana wanga wachiwiri, Tadala, watengera dzanja lija. Kuseri kwa nyumba yathu kuli limu ya njinga pamtengo, ndipo phulusa la kukhitchini silitayidwa. Ndimamuwazira ndekha, ndimawerama n'kuyang'ana phazi lake, ndipo likafufutika amamva za chule wa m'ngalande. Temu yathayi, timu yawo itafika patali, kunabwera bambo wina wa m'komiti ya sukulu ndi kabotolo m'thumba.

"Mayi a Tadala, musaope, masiku ano sititema. N'zongopaka basi, ana onse apaka."

Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, poti mlendo ndi mlendo. Kenako ndinatambasula dzanja langa lamanja pamaso pawo, ndi mphini zake, ndi zala zake zouma, n'kuwauza kuti aliyang'ane bwinobwino. Ndinati ngati akufunadi kuthandiza ana, bwalo likufunika kulambula ndipo mpira waphulika, ayambire pamenepo. Kabotolo kanabwerera m'thumba momwe kanachokera.

Pano ndikumvetsa chimene a Madamu Namakhwa anachita pa kabaza paja, pomwe ine ndinkawada. Wophunzitsa mwana weniweni amakonda mwanayo kuposa chigoli, ndipo amalolera kugonja pamaso pa anthu kuti mwana abwerere kwawo wathunthu. Tadala akamapita kokasewera, ndimamugwira dzanja lake ndi dzanja langa lopuwalali, timapemphera, kenako ndimalitembenuza uku ndi uku kuona ngati lili loyera. Iye amaseka, amati, "Amayi, mwayambanso." Inde mwanangu, ndayambanso, ndipo sindidzasiya.