Mtedza Wotsala Pamkeka

Mpaka lero ndikamva fungo la mtedza wonyowa, ndimaona amayi ataimirira pabwalo pathu kwa Mavwere, beseni lili m'chiuno, akuwaza madzi pa mulu wa mtedza ngati wansembe wa ku Guilleme akudalitsa anthu. Inali miyezi yozizira ija, mphepo ikutuwitsa miyendo, ife ana tikukanganirana kadzuwa kuseri kwa nkhokwe. Madziwo anali ofewetsa makoko, poti mtedza wouma gwa umasupula zala poswa. Komanso tisanamizane, mtedza womwa madzi umalemera pa sikelo ya venda, ndipo sikelo ya vendayo nayonso inali yomanga, ndiye wakuba pamenepo ndani? Akatha kuwaza ankavundikira ndi ziguduli, ndipo tikavundukula mawa lake munkatuluka kafungo kofunda, kapansipansi, komwe ife tinkangoti ndi fungo la kukolola.

Kuswa inali ntchito ya aliyense wa zala. Tinkazungulira mkeka kuyambira m'mawa, ife atsikana tikupanitsa makoko kumakutu ngati ndolo n'kumayenda monyang'wa, mpaka amayi atatikalipira kuti ndolozo tikadya zomwezo. Kenaka kunkabwera kusankha. Wonenepa, wofiira bwino, unkalowa m'thumba, abambo n'kumanga panjinga ulendo wa kuboda, kumene ogula ochokera ku Chipata ankapereka mtengo wabwinoko koma anali osankha koopsa. Wofota, wosweka, wakuda, wa chuku chobiriwira m'kati, unkatsala pamkeka, ndipo dzina lake unali wa pakhomo. Kutaya chakudya kunali mwano. Ukautafuna wauwisi unkawawa mpaka kulavula, koma akaukazinga n'kuusinja mumtondo unkanunkhira ngati wina aliyense, ndipo nsinjiro zake zinkatha chaka chonse mumnkhwani ndi m'mpiru.

Chaka chimene ndikunenachi, mng'ono wanga Ndaziona anali atangosiya kuyamwa. Kanali kamwana kaphokoso, kokonda kulowa m'lichero amayi akufuna kupeta. Atapita naye kusikelo ya ana, alangizi a zaumoyo anati sakukwera bwino, azimuthirira nsinjiro m'phala. Amayi anga si munthu wouzidwa kawiri. Ana a anzawo ankamwa phala la mchere wokha, koma la Ndaziona linkachita kulemera ndi nsinjiro, m'mawa ndi madzulo, ndipo ine wamkulune ndinkachita nsanje, kudikirira kupala mpoto. Mwezi wotsatira sikelo inatsikanso, amayi n'kuwonjezera nsinjiro. Phokoso lija linatha. Tsitsi linayamba kufiira n'kupyapyala, mapazi ndi masaya kutupa, mwana n'kumangokhala pomwe wamuika, maso ali pansi.

Amayi akuluakulu a m'mudzi atamuona sanachedwe kutchula matendawo: tsempho. Kwathu amati mwana akatupa chotero, ndiye kuti kholo lake lina layenda ndi munthu wapadera n'kubwera kudzamunyamula. Nanga amayi anga ankachoka pakhomo? Maso onse anatembenukira kwa abambo, amene malonda akachedwa ankagona kuboda konko, malo amene aliyense ankawadziwa ndi madalaivala a mathiraki ndi nyumba zogona alendo. Abambo anali mkamwini, mudzi sunali wawo, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Amalume, eni mbumba, anawaitanitsa pansi pa mango kuti aulule, mwana apatsidwe mankhwala achire. Abambo anakana kwamtuwagalu. Ine ndinali pafupi ndikutsuka mbale, ndipo mawu awo ndimawamvabe: "Ine kuboda ndimagona pa matumba anga, njinga nditaitsamira. Mukufuna ndiulule chimene sindinachite?" Kukanako ndiye kunakhala mlandu wachiwiri, akuti munthu wouma mtima, wolola mwana wake kufa kusiyana n'kuchita manyazi.

Masabata anapita ndi zitsamba ndi mikangano, phala la nsinjiro likumwetsedwabe ndi sipuni mokakamiza. Pomwe ankathamangira naye kuchipatala cha paboma n'kuti mwana atafooka kale, ndipo anabwerako ali m'nsalu, kutentha kutangoyamba. Maliro atatha, abambo anamanga bulangete ndi khasu panjinga ija n'kubwerera kwawo kufupi ndi Guilleme. Amayi sanatuluke m'nyumba. Tinakula dzina la abambo lisakutchulidwa, ndipo atamwalira patapita zaka, uthenga unafika, amayi anangoti amva, n'kunyamula khasu kupita kudimba.

Masiku ano nkhani ya chuku ili pakamwa pa aliyense. Pawailesi amakangana za chiponde cha m'masitolo, m'mafoni amatumizirana machenjezo, ogula amanyamula kamtedza n'kukanunkhiza asanatchule mtengo. Chaka chathachi ndinapita kumudzi nthawi yokolola, ndipo tili pakhonde ndi amayi, amene tsopano maso ayamba kuchita chifunga, kawailesi kawo kanayamba kulankhula zomwezo. Mlangizi wina ankafotokoza pang'onopang'ono kuti mtedza usamawazidwe madzi, kuti wachuku uli ndi poizoni amene safa ngakhale muukazinge, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndiye tisamagulitse wabwino n'kudyetsa ana wotsala. Ndinatambasula dzanja kuti ndisinthe siteshoni, koma amayi anandigwira pamkono mpaka munthuyo atamaliza.

Ndinayamba kulankhula zambirimbiri, kuti palibe angadziwe chimene chinatenga Ndaziona, mwina malungo, mwina matenda ena, kuti mudzi wonse unkadya mtedza womwewo ana n'kumakula. Zonsezo n'zoona, ndipo ndikuzikhulupirirabe. Koma chimene chimandipweteka n'chakuti panthawiyo palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana mumtondo. Tonse tinathamangira kuyang'ana munthu amene analibe womuyankhulira m'mudzi mwa eni. Madzi akatayika saoleka. Amayi anataya mwana, kenaka n'kutaya mwamuna wosalakwa, ndipo tsopano wailesi inali kuwalanda ngakhale mkwiyo umene unawathandiza kupirira zaka zonsezi.

Amayi anasisita chitenje pabondo. Kenaka anandifunsa, osandiyang'ana: "Iwe, pamene anagona abambo ako ukupadziwa?" Ndinati ndikupadziwa. Anati, "Mawa undiperekeze. Munthu uja ankanena, ine osamumva."