Tsiku Limene Ababa Anakana Kuwoloka

Ababa anga anali msilikali wa pamadzi. Kwathu kumapiri a ku Ntchisi nkhaniyi inkaseketsa anthu. Munthu wobadwira kumtunda, wodziwa madzi a padambo okha, n'kukatha zaka zoposa makumi awiri akuyendetsa boti la asilikali ku Monkey Bay! Kusambira anakaphunzirira komweko, ndevu zitamera kale. Ife ana sitinakhaleko nawo. Tinkawaona pa tchuthi, atanyamula chikwama chobiriwira ndi thumba la usipa, ndipo za ntchito yawo sankakamba. Nditakula amayi anandiuza kuti ntchito ina inali yovuula anthu omira, n'chifukwa chake usipa ankatibweretserawo iwo sankaudya.

Atapuma pantchito anabwerera kumudzi n'kumalima fodya ndi mtedza ngati wina aliyense.

Chaka chimene anamwalira n'kuti ndikuphunzitsa ku Dowa. Inali nthawi ya dzinja. Amayi anandiimbira foni kuti ababa atha masiku anayi osadzuka, chifuwa chawagwira, akupuma mobanika. Ndinafika tsiku lomwelo pa njinga yamoto, ndipo nditangowaona ndinadziwa kuti apa mpofunika chipatala cha pa Boma, osati mapanado a kugolosale. Galimoto sikanafika kumudzi chifukwa cha matope. Ndinapangana ndi dalaivala wina kuti m'mawa mwake atidikire pamsewu waukulu, kutsidya kwa kamtsinje kathu.

Kutacha, alamu anga, amuna awo a achemwali, anamanga ng'ombe pangolo. Tinayala matiresi n'kuwagoneka ababa, amayi atakhala kumutu. Tinanyamuka anthu anayi.

Titafika powolokera tinapeza kamtsinje katasanduka china. Mvula inali itagwa kumapiri. Madzi anali ofiira, akukokolola mapesi ndi mitengo ya nthochi. Alamu anayang'ana n'kunena kuti ng'ombe zawozo zinawolokapo madzi oposa amenewa. Anali atakweza kale chikoti pamene ababa anatukula dzanja.

"Imikani ngolo," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi. Kenaka anandiyang'ana. "Iwe, thyola kamtengo. Ukazike pomwe pathera madzipo."

Ndinazika. Anati tidikire. Madzi akakwera pakamtengopo ndiye kuti ena akubwerabe kuchokera kumtunda. Akakasiya pouma kutalika kwa mkono, tiwoloka.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. "Ababa, zaka zonse zija pamafunde, lero muope kamtsinje kochapira matewera? Mukudziona mmene mukupumiramo?"

"Panyanja ndinali ndi boti," anatero. "Iwe uli ndi ng'ombe ziwiri ndi amako osadziwa kusambira."

Pasanathe nthawi kamtengo kaja kanamira. Anati ndizike kena. Ndinazika, mano nditakukuta. Amayi anatulutsa korona n'kuyamba kupemphera chapansipansi. Dalaivala uja anaimba kawiri, kachitatu anati wapeza anthu ena opita ku Mponela, sangataye tsiku lonse. Kutsidya kunasonkhana anthu odikira ngati ife, ndipo bambo wina wowadziwa ababa anakuwa, "Kodi si asilikali a pamadzi aja amenewo? Ha! Zakuvutani lero?" Anthu anaseka. Ababa sanatsegule n'komwe maso.

Ndinayesa njira zonse. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinapita kwa alamu n'kuwanong'oneza kuti angokwapula ng'ombe, mkuluyu alibe mphamvu zotiletsa. Alamu anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Apongozi anga akana, ine n'kuchita? Iyayi, alamu." Ndinakhala pamwala n'kumamvetsera mmene ababa ankapumira. Mpweya unkalira m'chifuwa ngati ketulo. Kangapo konse anandituma kukaona kamtengo, ine n'kumabwera kudzanena, iwo n'kungoti, "Sanakwane."

Tinawoloka dzuwa litapendeka, madzi atasiya kamtengo pouma monga ananenera. Madzi ankalekeza m'mawondo mwa ng'ombe, komabe ngolo inagwedezeka pakati mpaka amayi anakuwa dzina la Maria. Pamsewu tinadikiranso, kenaka tinakwera lole ya chimanga.

Kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo chalowerera. Ndinamutsatira dokotala pakhonde n'kumufunsa ngati zikanasintha tikanafika m'mawa. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Mwina. Sindinganame." Yankho limeneli ndakhala nalo mpaka lero, ndipo masiku ena ndimawakwiyirabe ababa. Anali ndi mwayi, ngakhale wochepa, n'kuusiya m'mbali mwa kamtsinje.

Ndinalowa m'wodi ndili ndi mawu amenewa pakamwa, kuti ndiwauze amve. Ndinawapeza atawaika kachipangizo ka mpweya pamphuno, amayi atakhala pansi pambali pa bedi, alamu ataima chakukhomo chipewa chili m'manja. Ndisanayambe, ababa anandikodola. Ndinawerama.

"Tinanyamuka angati?"

"Anayi, ababa."

"Tafika angati?"

"Anayi."

"Basi," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Anamwalira patapita masiku awiri, osayankhulanso china chomveka. Mawu anga aja sindinawanene.