Azakhali Anafunsa Odwala

Azakhali anga ndi telala. Amuna awo anawathawa kalekale n'kukakhala ndi mkazi wina. Bambowo atadwala sitiroko n'kusiya kulankhula, abale awo anawabweretsa kwa azakhali pa njinga ya olumala. Tonse tinkaganiza kuti awakana, koma anangosuntha makina osokera kuti bedi likwane m'chipinda.

M'mawa uliwonse ankanyamula malaya awiri n'kudikira kuti odwalawo aloze ndi maso omwe akufuna. Ine zinkanditopetsa.

"Azakhali, ingowavekani aliwonse. Akudziwa chiyani?"

"Pafa ndi pakamwa pokha, mwanawe. Munthuyo alipo," anandiyankha.

Patatha chaka, mkazi wachiwiri uja anabwera akulira, akufuna kuwatenga. Abale anamukalipira, koma azakhali anagwada pafupi ndi bedi.

"Bambo, mukufuna kukhala kapena kupita? Musandiope."

Maso a odwalawo anayenda pang'onopang'ono mpaka anakaima pa mkazi winayo. Azakhali anapukuta misozi, kenako anayamba kumuphunzitsa mnzawoyo mmene bambowo amaphethirira akamva ludzu. Ine ndinangoima pakhomo n'kumawayang'ana.