Nshawa za amai Lungu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha foni. Kopaletivu ya kwathu ku Kalindawalo, m'boma la Petauke, inkafuna munthu woyeza mvula ndi kuuza alimi za nyengo, ndipo pa onse amene tinapita, wa foni ya intaneti ndinali ine ndekha. Basi, ntchito n'kulowa.

A Phiri, mlangizi wathu, anandipatsa chubu choyezela mvula, tinachikhomela pa mtengo kutali ndi denga. M'mawa uliwonse ndinkawelenga mamilimita, kulemba m'kope, n'kutaya madziwo. Anandichenjeza kuti, "Iwe Misozi, uziuza anthu zochokela kwa a zanyengo, za pa wailesi. Za m'magulu a pa foni uzisiye."

Koma ine matama! Mu Novembala kunagwa kamvula kongopha fumbi. Tsiku lomwelo pa WhatsApp panabwela chithunzi cha mapu, Petauke ndi Nyimba zonse zobiliwila, ati mvula yamphamvu sabata yathunthu. Amai Lungu, amasiye a pafupi ndi kwathu, anandiimitsa pa njila.

"Mwana wanga, mbeu ya nshawa, mtedza wanga uja, ndili nayo tini imodzi chabe. Ndibzale?"

"Bzalani amai, mvula ikubwela mawa," ndinatelo, osakumba n'komwe pansi kuona chinyezi.

Anabzala yonse. Nshawa zinafufuma, zina n'kumela, kenako dzuwa linangoti ng'aa masabata atatu.

Tsiku limene sindiliiwala ndi lomwe tinapita ndi a Phiri kumunda kwa amai Lungu. Amai Lungu ankafukula mzele ndi zala, n'kumatulutsa nshawa zowola. A Phiri anapempha foni yanga, nakulitsa chithunzi chija. Pakona panali deti ya chaka chatha. Mayo ine! Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Amaiwo sanandikalipile, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambili. Anangoti, "Ndinati poti unapita ku sukulu."

Ndinakapempha theka la tini pa mbeu ya amai anga, ndipo tinabzalanso ndi amai Lungu mu Disembala, nthaka itanyowa mpaka polekeza chikhatho. Anakolola zochepa, koma mbeu sinathe pakhomo pao.

Kuyambila pamenepo, uthenga wa nyengo ndimaufunsa: walemba ndani, liti, ndipo ukunena dela liti? Ngakhale wa pa wailesi, ndimanena kuti "mwina", kenako ndimakumba pansi. Amai Lungu anandikhululukila, koma mpaka lelo ndikati mvula ikubwela amandiyang'ana kaye.

"Ya chaka chiti, Misozi?"